Marimu a 19 pa Toyota 86: alowa kodi, nanga misewu ya ku Kasungu ayipirira?

Funso: Ndili ndi Toyota 86 ya 2013 yomwe ndinaitanitsa ku Japan. Inabwera ndi marimu ake a mainchi 17 ndi matayala a 215/45R17, koma mawilo amaoneka ngati abisala mkati mwa madigadi. Ku Lilongwe ndapeza marimu a 19 okongola kwambiri. Kumbuyo kwake kwalembedwa 19x9.5J ET35, ndipo ali ndi mabowo khumi. Wogulitsa akuti alowa bwinobwino bola ndiikepo matayala a 225/35R19. Ndimakhala pa Kasungu boma, ndimayenda mu M1 kupita ku Lilongwe pafupipafupi, ndipo nthawi zina ndimapita kumudzi cha ku Santhe komwe gawo lina la msewu ndi lafumbi. Ndigule? Ngati ayi, saizi yabwino ndi iti? Wowerenga wa ku Kasungu.

Yankho: Achimwene, marimu amenewo asiyeni pomwe alipo. Wogulitsayo sananame kuti alowa. Pa mabawuti alowadi, manati amangika, ndipo galimoto ili pa jeke zonse zioneka bwino. Vuto lidzayamba mukaitsitsa pansi n'kupinda chiwongolero mpaka kumapeto, kapena mukakwera hampu muli awiri ndi katundu m'buti. Pa 86 yomwe simunaisinthe mashoko kapena madigadi, yoyenda misewu mwatchulayi, ndikukulangizani chimodzi mwa ziwiri izi: 18x8 ET45 ndi matayala a 225/40R18 ngati mtima wanu uli pa maonekedwe, kapena 17x8 ET45 ndi matayala a 225/45R17 ngati mukufuna kuti galimoto iziyenda bwino kuposa mmene ikuyendera panopa. Ndikuonetsani komwe nambalazi zikuchokera kuti mukakumana ndi marimu ena muzitha kuwerengera nokha musanapereke ndalama.

Pa zolembedwa zija, 19x9.5J ET35, maso a anthu ambiri amathamangira pa 19, pomwe pa nkhani yolowa si imene imavuta. 9.5 ndi mulifupi wa rimu m'mainchi, kuyeza mkati momwe tayala limakhala. J ndi kapangidwe ka mlomo wa rimu, ndipo musavutike nayo chifukwa magalimoto ang'onoang'ono ambiri amakhala ndi yomweyo. ET35 ndiye offset: mtunda wa mamilimita kuchokera pakati penipeni pa mulifupi wa rimu kufika pa nkhope yomwe imagundana ndi habu, chitsulo chokhala ndi mabawuti chomwe wilo limamangidwapo. Nambala ya ET ikakula, wilo limalowa mkati. Ikachepa, wilo limatuluka kunja. Mulifupi ndi offset ndi zomwe zimanena pomwe wilo likhale, ndipo sizingawerengedwe padera.

Marimu anu a panopa ndi 17x7 ET48. Atsopanowo ndi otakata kuposa anuwa ndi mainchi awiri ndi theka. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, choncho kusiyana kwake ndi 63.5. Gawani pawiri, pakuti theka limapita kunja, theka mkati: 31.75 mbali iliyonse. Kenako offset yatsika kuchoka pa 48 kufika pa 35, ndiye kuti rimu yonse yasunthira kunja ndi mamilimita 13. Kunja mumaphatikiza, 31.75 ndi 13, zikupatsani pafupifupi 45. Mkati mumachotsa, zikutsala pafupifupi 19. Tanthauzo lake ndi lakuti mlomo wakunja wa rimu utuluka ndi mamilimita 45 kuposa pomwe uli lero, ndipo mlomo wamkati uyandikira shoko ndi mamilimita 19.

Nanga galimoto ili ndi malo ochuluka bwanji? Pa 86 yosasinthidwa, kuti wilo lifanane ndi mlomo wa madigadi pamafunika lituluke ndi mamilimita pafupifupi 20 kutsogolo ndi 25 kumbuyo. A 19 aja apitirira pamenepo ndi mamilimita ngati 20 mpaka 25 enanso. Amene mumawaona pa Facebook atavala 9.5 pa 86 anasintha zambiri zomwe sizioneka pachithunzi: anachotsa mashoko a kufakitale n'kuika ena a sipuling'i yopyapyala, anapendeketsa mawilo kuti mutu wa tayala ulowe mkati, ena anapinda mlomo wa madigadi. Mawilo opendeka kwambiri amadya tayala mbali yamkati yokha, kunja likadali latsopano.

Musangokhulupirira nambala zangazi, yezani galimoto yanu. Iimikeni pamalo osalala, mawilo atawongoka. Mangirirani nati ku ulusi, gwirani ulusiwo pa mlomo wa madigadi pamwamba penipeni pa wilo, natiyo ilendewere. Ndi rula yezani kuchokera pa ulusi kufika pa khoma la tayala. Amenewo ndiwo malo muli nawo kunja, ndipo siyaniko mamilimita osachepera asanu. Mkati, kwezani galimoto, lowetsani rula pakati pa tayala ndi shoko yakutsogolo, makamaka pansi pa mbale yomwe sipuling'i imakhalira. Kutsogolo habu inamangidwa ku shoko yeniyeniyo, motero mpata umenewo susintha kaya galimoto ili pa jeke kapena pansi. Mukaika marimu atsopano pakhale mamilimita osachepera asanu mpaka asanu ndi atatu, chifukwa tayala limapindikira mbali pokhota mothamanga.

Tsopano werengerani 18x8 ET45 mwa njira yomweyo. Mulifupi wakula ndi inchi imodzi, theka lake ndi 12.7. Offset yatsika ndi 3. Kunja lituluka ndi pafupifupi 16, mkati liyandikira ndi pafupifupi 10. Madigadi adzaza bwino, kubisala mukudandaula kuja kutha, ndipo palibe chopinda kapena kudula. 17x8 ET45 imakhala pamalo omwewo ndendende, pakuti kutalika kwa rimu sikukhudza masamu amenewa. Toyota eni ake, pa GR86 yomwe inalowa m'malo mwa yanuyi, anaika 18x7.5 ET48 ndi matayala a 215/40R18 pa mitundu yapamwamba, osapitirira pamenepo.

Offset yochepa kwambiri ili ndi vuto linanso kupatula kukhuza. Wilo likatalikirana ndi habu, kulemera kwa galimoto kumagwera kunja kwa bering'i m'malo mogwera pakati pake, ndipo bering'iyo imayamba kulira msanga. Chiwongolero chimayambanso kukoka chikakumana ndi mizere ya phula lomwe malole anaponderera, ndipo dzenje lililonse limakumenyani m'manja. Kusiyana kwa mamilimita 5 mpaka 10 ndi offset ya kufakitale galimoto imapirira. Kupyola 15 mumayamba kumva.

Apa ndiye pagona nkhani kwa munthu wa ku Kasungu: khoma la tayala. Pa 215/45R17, 215 ndi mulifupi wa tayala m'mamilimita, 45 ndi kutalika kwa khoma ngati peresenti ya mulifupiwo. 45 peresenti ya 215 ndi mamilimita pafupifupi 97. Pa 225/40R18 khoma ndi 90. Pa 225/35R19 ndi 79. Pa 225/45R17 ndi 101. Musaganize kuti onsewo amakutetezani. Mlomo wa rimu umaphimba mamilimita ngati 17 a khomalo, ndipo kulemera kwa galimoto kumaphwetekanso ena pansi pomwe tayala laponda. Chotsala pa tayala la 19 ndi chochepa zedi. Khoma la tayala ndi nkhata ya rimu: wosenza ndowa akachepetsa nkhata, mutu ndi umene umamva kulemera.

Wilo likagwera m'dzenje la m'phula, m'mphepete mwa dzenjelo mumapana khoma la tayala ndi mlomo wa rimu. Ulusi wa mkati mwa khoma umaduka, ndipo pakapita tsiku kapena awiri mumaona chotupa pambali pa tayala. Tayala lotupa silimatidwa, ndi lotaya, ngakhale mapazi ake akadali atsopano. Dzenje likakhala lakuya, rimu imapindika, ndipo kawirikawiri imapindika mlomo wamkati chifukwa kumeneko kulibe masipoko oigwira. Kunja mukayang'ana ili bwinobwino, koma mpweya ukutha pang'onopang'ono ndipo chiwongolero chikunjenjemera. Rimu ikatakata, mlomo wamkatiwo umatalikirana ndi masipoko, n'kufookeratu. Nthawi ya mvula, maenje atadzaza madzi moti simungadziwe kuya kwake, kapena usiku mukupatukira lole pa msewu wopapatiza, kusiyana kwa khoma la 101 ndi la 79 ndi kusiyana kwa kupitiriza ulendo ndi kugona pa Madisi kudikira tayala. Pa msewu wafumbi wa kumudzi, miyala imakanda mlomo wa rimu mosavuta khoma likakhala lalifupi.

Tayala lomwe wogulitsa wakuuzanilo silikugwirizananso ndi rimuyo. 225/35R19 linapangidwira marimu a mulifupi wa mainchi 7.5 mpaka 9. Pa 9.5 liyenera kukokedwa, makoma ake n'kupendekera mkati, mlomo wa rimu n'kutsala pamtunda wopanda chouteteza. Tayala lokokedwa likachepa mpweya limatha kuvuka pa rimu pokhota. Loyenera 9.5 ndi monga 245/35R19, koma limenelo ndi lalitali kwambiri, kapena 255/30R19 lomwe khoma lake ndi mamilimita 76 okha ndipo likhuza madigadi ndithu.

Kutalika kwa wilo lonse kuwerengereni chonchi: mainchi a rimu kuchulukitsa ndi 25.4, kuphatikiza khoma kawiri. Lanu la panopa ndi 431.8 kuphatikiza 193.5, zikukwana mamilimita 625. La 225/45R17 ndi 634, la 225/40R18 ndi 637, la 225/35R19 ndi 640, la 245/35R19 ndi 654. Yesetsani kusapitirira 2 peresenti, ndipo 3 peresenti ikhale malire enieni. 637 ndi 1.9 peresenti, zili bwino. 654 ndi 4.6 peresenti. Wilo lalitali limachititsa kuti wotchi ya liwiro izionetsa zochepa kuposa mmene inkaonetsera pa liwiro lomwelo, zomwe mudzazizindikira pamene apolisi aima ndi kamera pa malo a malonda pomwe pali chikwangwani cha 50. Limafooketsanso galimoto ponyamuka. Injini ya 86 ndi ya malita awiri yopanda turbo, mphamvu yake yokoka ndi 205 Nm ndipo imafika pachimake injini itazungulira kupyola 6,000, choncho ilibe yotsala yoti iziwononga pa mawilo aatali ndi olemera. Ubwino wa 634 kapena 637 ndi wakuti galimoto imakwera ndi mamilimita 4 mpaka 6. Pa galimoto yomwe mimba yake ili mamilimita ngati 130 okha kuchokera pansi, pang'ono pameneposo pamathandiza pa mahampu.

Saizi iliyonse mungasankhe, ikhale imodzi pa mawilo onse anayi. ABS (yoletsa mawilo kumangika pogwira buleki) pamodzi ndi makina oletsa kutsetsereka amayerekeza liwiro la mawilo, ndipo akutsogolo ndi akumbuyo akasiyana kutalika kwambiri makinawo amalowerera pomwe sipafunika. 86 zambiri zili ndi difu (chogawira mphamvu ku mawilo awiri akumbuyo) ya mtundu wa Torsen, yomwe siyifuna kuti tayala lakumanja ndi lakumanzere kumbuyo zisiyane kutalika. Komanso galimotoyi inapangidwa kuti kutsogolo ndi kumbuyo zizigwira mofanana. Kuika matayala otakata kumbuyo kokha kumaichititsa kukana kukhota, mphuno n'kumapita kutsogolo pamene inu mwapinda kale.

Za mabowo, pali msampha womwe umakola eni ake a 86 ambiri kuno. Galimotoyi ili ndi chizindikiro cha Toyota, koma inapangidwa ndi Subaru ku fakitale yawo ya ku Ota m'chigawo cha Gunma, limodzi ndi mnzake Subaru BRZ, kuyambira 2012. Ku mawilo kwake zonse ndi za Subaru. PCD yake ndi 5x100, kutanthauza mabawuti asanu pa bwalo la mamilimita 100. Bowo lapakati ndi 56.1. Mazinga a mabawuti ndi M12x1.25 (bawuti lonenepa mamilimita 12, mazinga otalikirana mamilimita 1.25), pamene Toyota zina monga Corolla, Altezza ndi Mark X zili ndi M12x1.5. Nati ya Toyota pa bawuti la 86 imalowa kawiri kapena katatu n'kulimba. Mnyamata wa pa matayala akaona chizindikiro cha Toyota n'kuikakamiza ndi paipi, mazinga amadyeka, ndipo bawutilo limadzathyoka tsiku lina muli pa liwiro. Nati iliyonse iyambe kulowa ndi zala mpaka kufika pa rimu. Ikalimba isanafike, imani, pali cholakwika.

Marimu ambiri a mabowo khumi amabooledwa kuti alowe pa 5x100 ndi 5x114.3 pomwe. Amagwira ntchito, koma chitsulo cha pakati pa mabowo chimachepa, ndipo mabowo ake amakhala opapatiza moti manati wamba ndi sipanala yanu sizilowa, pamafunika manati opyapyala okhala ndi kiyi yake. Kiyiyo ikatsala ku galaja, tayala likaphwa pa Chatoloma mulibe chochita. Ngati mukukayika PCD ya rimu, yezani kuchokera pakati pa bowo kufika pakati pa bowo loyandikana nalo. Pa 5x100 mupeza mamilimita 58.8, pa 5x112 mupeza 65.8, pa 5x114.3 mupeza 67.2, pa 5x120 mupeza 70.5. Kwa owerenga ena okhala ndi Altezza, Mark X, Mazda RX-8 kapena Nissan Fairlady Z, zomwe zili pa 5x114.3, chenjerani ndi marimu a Golf GTI, Audi ndi Mercedes-Benz omwe ali pa 5x112. Kusiyana kwake n'kochepa moti amalowa, koma nati iliyonse imakhala mopendeka n'kumapinda bawuti lake. Marimu a BMW zambiri zakale ali pa 5x120. Kuboola mabowo ena pa rimu kapena kuwakulitsa ndi fayilo musalole n'komwe.

Pomwe nati imakhalira pa rimu pamasiyananso. Marimu ambiri ogula padera amafuna nati yosongoka ya madigiri 60, ndipo ya 86 ndi yotero. Marimu a kufakitale a Toyota zina amafuna nati yafulati yokhala ndi washala, a Volkswagen ndi Honda amafuna yobulungira. Nati yosayenera imagwira pa kamzere kochepa kokha, imadya aluminiyamu, kenako imamasuka. Yang'anani m'bowo la rimu ndi tochi, mufanizire ndi nati yanu. Natiyo ilowe pa bawuti mtunda wosachepera kunenepa kwa bawutilo, mamilimita 12, zomwe pa mazinga a 1.25 ndi kuzungulira ka 9 kapena ka 10. Werengani pomanga. Marimu ena ndi okhuthala pa nkhope moti amadya mazinga, ndipo spacer (kambale koika pakati pa habu ndi rimu) yongolowetsa ya mamilimita 5 imadya kuzungulira kanayi konse. N'chifukwa chake ndimaletsa kugula rimu ya offset yolakwika n'cholinga chodzaikonza ndi spacer.

Bowo lapakati la marimu ogula padera nthawi zambiri ndi 73.1, kuti alowe pa magalimoto osiyanasiyana. Habu yanu ndi 56.1, ndiye pamafunika mphete za 73.1 kunja ndi 56.1 mkati, zapulasitiki kapena za aluminiyamu, imodzi pa wilo lililonse. Ntchito yake ndi kukhazika rimu pakati penipeni pamene mukumanga manati. Popanda mphetezo rimu imatha kumangidwa itasunthira mbali pang'ono, ndipo galimoto imanjenjemera pa liwiro la 90 mpaka 110, inu n'kumabwerera ku balancing kambirimbiri osapeza chovuta. Mphetezi zikhale m'gulu la mtengo wa marimu, musachoke pa shopu popanda izo. Rimu ya bowo laling'ono kuposa 56.1, monga ya 54.1 yochokera ku Toyota Wish, Premio kapena Prius, siyikhala pa habu yanu ngakhale ili 5x100.

Kulemera kufunseni, ndipo ngati n'kotheka ikani rimu pa sikelo. Yanu ya kufakitale imalemera makilogalamu pafupifupi 9. Marimu a 19 otsika mtengo, otakata chonchi, amafika 12 kapena 13. Makilogalamu owonjezerawo ali pansi pa sipuling'i, pomwe shoko iyenera kuwagwira nthawi iliyonse wilo likadumpha, ndipo ali m'mphepete mwa chinthu chozungulira chomwe injini iyenera kuchithamangitsa, mabuleki n'kuchiimitsa. Pa msewu wa mabampu wilo lolemera limachedwa kubwerera pansi, tayala limagwira mochepa, mabushi ndi mashoko amatha msanga, mafuta amapitanso ambiri. 17x8 yabwino, monga Enkei RPF1, imalemera makilogalamu ngati 7, yopepuka kuposa ya kufakitale ngakhale ndi yotakata. Ichi ndicho chifukwa ine ndimaikonda njira ya 17 pa galimoto imeneyi. Kukoma kwa 86 kuli pa kupepuka ndi kumvera chiwongolero, ndipo ndimamva chisoni kuona munthu akulipira ndalama zambiri kuti achotse chimenecho.

Marimu opangidwira msika wa ku Japan amakhala ndi chizindikiro cha JWL, ndipo ambiri ogula padera amakhalanso ndi cha VIA, zosonyeza kuti mtunduwo unayesedwa kulimba. Koma marimu achinyengo, otengera maonekedwe a Rays, Work kapena BBS, amadindanso zizindikiro zomwezo, choncho zisakhale umboni wokhawo. Yang'anani kumbuyo kwa masipoko. Rimu yeniyeni imakhala ndi dzina la kampani, saizi, offset ndi dziko lomwe inapangidwira, zolembedwa mooneka bwino. Pomwe palembedwa kulemera komwe imatha kunyamula, pakhale makilogalamu osachepera 500 pa rimu imodzi. Kunena zoona, marimu enieni akaunjika ochokera ku Japan, owongoka, amaposa atsopano onyezimira osadziwika wopanga. Rimu yabwino ikamenya dzenje kawirikawiri imapindika, inu n'kufika kunyumba. Yotsika mtengo imatha kung'aluka.

Mukamagula akaunjika, rimu iliyonse ikwezedwe pa makina a balancing ilibe tayala, izungulitsidwe pang'onopang'ono, inu mukuyang'ana mlomo wamkati ndi wakunja. Ikamavina kupyola milimita imodzi, kaya m'mwamba ndi pansi kapena chammbali, ndi yopindika. Pukutani mkati mwake ndi nsalu yonyowa, mufufuze ming'alu pa mlomo wamkati, pomwe masipoko akumana ndi mkombero, ndi mozungulira mabowo a mabawuti. Pitani ndi chala mkati monse kufufuza pomwe anawotcherera n'kusalaza. Penti watsopano mkati mwa rimu yakale akupatseni mafunso. Rimu yowotchereredwa pa sipoko kapena pa mabowo ndi yosayenera kuyenda pamsewu. Werenganinso zolembedwa pa marimu onse anayi, chifukwa ena amagulitsidwa awiri otakata ndi awiri opapatiza, kapena a offset yosiyana, wogulitsa osanena.

Pa matayala, a kufakitale ndi 87W. 87 ikutanthauza makilogalamu 545 pa tayala limodzi, W ndi liwiro lofika makilomita 270 pa ola. Atsopano asatsike pa 87. A 225/45R17 ambiri ndi 91 kapena 94, a 225/40R18 ndi 88 kapena 92, onsewo ali bwino. Pakhoma pamakhala nambala zinayi kumapeto kwa mzere wa DOT, monga 2322, kutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2022. Tayala lopitirira zaka zisanu ndi chimodzi, pa phula lotentha la mu Okutobala, si loyenera galimoto yothamanga ngakhale mapazi ake ali akuya. Saizi ziwiri ndakupatsanizi zimavalidwanso ndi Golf GTI ndi BMW 3 Series, motero sizivuta kupeza ku Lilongwe poyerekeza ndi za 19 za khoma lalifupi. Ganizirani zimenezi musanagule, chifukwa tsiku lomwe tayala lidzatupe mudzafuna lina tsiku lomwelo.

Musanalipire, pemphani kuyesa rimu imodzi pa galimoto. Wogulitsa wokana kuyesa musiyeni. Yambani ndi rimu yopanda tayala kutsogolo. Palani dzimbiri ndi dothi pa nkhope ya habu ndi burashi yawaya, ikani mphete, mangani manati atatu ndi dzanja, zungulitsani. Pakati pa masipoko ndi caliper (chitsulo chopana diski ya buleki) pakhale mamilimita osachepera atatu. Kukula kwa rimu sikutsimikiza kuti masipoko apita, pakuti ena amapindikira mkati, ndipo ngati 86 yanu inaikidwa mabuleki a Brembo apa ndi pofunika kusamala kwambiri. Kumbukirani kuti zitsulo zomata za balancing zidzakhala mkati momwemo ndipo zimadya mamilimita atatu kapena anayi. Kenako valikani tayala, tsitsani galimoto, pindani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse, mukuyang'ana pulasitiki wa mkati mwa madigadi ndi paipi ya buleki. Pakani choko pa phewa la tayala, kwezani munthu mmodzi ndi thumba la chimanga m'buti, kwerani hampu mopingasa, mubwerenso cham'mbuyo mutapinda. Pomwe choko chafufutika kapena chasiya chizindikiro pa madigadi ndi pomwe pakukhuza. Yesaninso kumbuyo, chifukwa mpata wake ndi wosiyana.

Pomanga komaliza, manati a 86 amafuna 120 Nm, pa mazinga ouma opanda girisi kapena oyilo. Mangani modumphitsa, nati iyi kenako yoyang'anizana nayo, kawiri: koyamba mopepuka wilo lili m'mwamba, kachiwiri ndi torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira) galimoto itatsika. Makina omangira a mpweya ndi paipi yodumphirapo zimakoka bawuti mpaka kulifooketsa, ndipo M12x1.25 siyichedwa kudyeka. Mukayenda makilomita 50 mpaka 100 mangitsaninso, chifukwa penti wa m'mabowo a rimu yatsopano amaphwanyika, manati n'kumasuka pang'ono. Ngati mwamangitsa ku Lilongwe, imani pa Mponela muyese manati onse makumi awiri musanapitirize. Mpweya yambirani pa 2.4 bar monga palembedwera pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala, matayala ali ozizira, ndipo muziyeza sabata iliyonse. Tayala la khoma lalifupi silioneka ndi maso kuti laphwa, ndipo lochepa mpweya ndi lomwe limapanika pa dzenje. Chititsani alignment ya mawilo onse anayi tsiku lomwelo, ndipo a inshuwalansi muwadziwitse kuti mwasintha marimu kuti pasadzakhale mkangano pa tsiku la ngozi.

Marimu anu a 17 musagulitse onse. Yang'anani m'buti kaye: magalimoto ena ochokera ku Japan amabwera ndi katayala kakang'ono kongofikitsa pa galaja, ena ndi kabotolo ka guluu ndi pampu basi, ndipo guluuyo sathandiza khoma likang'ambika. Rimu imodzi ya 17 ndi tayala lake la 215/45R17 ikhale sipeya ya maulendo ataliatali ndi a kumudzi. Popeza ndi lalifupi pang'ono kuposa atsopanowo, tayala lakumbuyo likaphwa chotsani lakutsogolo mulipititse kumbuyo, sipeyayo muike kutsogolo, kuti difu isavutike ndi matayala osiyana kutalika. Onetsetsaninso kuti manati atsopano akugwira pa rimu yakaleyo, ndipo ngati sakugwira, sungani manati asanu akale m'kathumba pamodzi ndi jeke ndi kiyi ya manati.